Dalaivala wa khadi la zithunzi pa kompyuta ya magemu yogula yomanga kale: wa Windows, wa kampani yomanga, kapena wa wopanga GPU?

Kompyuta ya magemu yogula yomanga kale ili ndi mabwana atatu pa nkhani ya madalaivala, mapulogalamu othandiza Windows kulankhula ndi zida za m'kompyuta. Woyamba ndi kampani imene dzina lake lili pabokosi: Dell ndi Alienware yake, HP ndi Omen, Lenovo ndi Legion, ASUS, Acer, MSI ndi ena otero. Wachiwiri ndi amene anapanga GPU yeniyeniyo, kachipangizo kopanga zithunzi kamene kali pa khadi la zithunzi, kaya ndi NVIDIA, AMD kapena Intel. Wachitatu ndi Windows, yomwe imaika zake osafunsa munthu. Onsewa amapereka dalaivala wa khadi limodzi lomwelo, manambala ake osiyana, ndipo aliyense ali ndi kapulogalamu kake kokukumbutsani kuti kwabwera chatsopano. Zambiri zimene anthu amati "dalaivala wafa" zimayamba pamene awiri mwa atatuwa akulimbirana khadi limodzi.

Ife timaona chonchi: pa kompyuta ya patebulo, dalaivala wa khadi la zithunzi azichokera kwa wopanga GPU. Kampani yomanga muziifuna pa BIOS (pulogalamu yoyamba kudzuka kompyuta ikayaka, Windows isanayambe), chipset (tizipangizo tolumikiza purosesa ndi zida zina), mawu, Wi-Fi ndi nyali za m'bokosi. Windows Update iziika zachitetezo, koma khadili isamalikhudze. Alipo malo angapo pamene mfundoyi sigwira, tiwatchula tikafikapo.

Khadilo ndi liti kwenikweni?

Zolembedwa pakatoni musazikhulupirire kwambiri, chifukwa kompyuta ya dzina limodzi imagulitsidwa ndi makhadi osiyanasiyana. Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, sankhani Device Manager, kenako tsegulani Display adapters. Mukaona dzina ngati NVIDIA GeForce RTX 4060 kapena AMD Radeon RX 7600, ndiye kuti khadi ladziwika. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter, khadi lilibe dalaivala wake, Windows ikungogwiritsa ntchito kadalaivala kongopulumukira. N'chifukwa chake zilembo zakula pasikirini ndipo gemu ikukana kutseguka.

Ngakhale zitatero, khadi limadzitchula lokha. Dinani kumanja pa dzinalo, pitani pa Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Pabwera mzere woyamba ndi PCI\VEN_. Ngati ukupitiriza ndi 10DE, GPU ndi ya NVIDIA. 1002 ndi AMD. 8086 ndi Intel. Zilembo zinayi zotsatira DEV_ ndizo zimanena mtundu wa GPU, ndipo mukazisaka pa intaneti pamodzi ndi za VEN_ dzina limatuluka. Pali kachigawo kena kamene ambiri sakaona, ka SUBSYS_, kokhala ndi zilembo zisanu ndi zitatu. Zinayi zomaliza zimanena amene anapanga khadilo: 1028 ndi Dell, 103C ndi HP, 17AA ndi Lenovo, 1043 ndi ASUS, 1462 ndi MSI, 1458 ndi Gigabyte. Izi zimakuuzani ngati muli ndi khadi lopangidwira kompyuta imeneyo yokha kapena la pamsika wamba, ndipo zikhala ndi ntchito tikafika pa firmware, kapulogalamu kokhala m'kati mwa khadi lenilenilo.

Mukapeza mayina awiri, mwachitsanzo Intel UHD Graphics 770 ndi GeForce, palibe chalakwika. Loyambalo ndi la zithunzi za mkati mwa purosesa. Musalichotse, lili ndi dalaivala wakewake, ndipo tsiku limene khadi lalikulu lidzafe ndilo lidzakuonetseni chithunzi.

Nambala ya dalaivala amene alipo ili pa Driver, mu Properties momwemo. Ya NVIDIA imasokoneza chifukwa Windows imailemba mwa njira yake. Tengani manambala asanu omaliza: 32.0.15.6636 ndiye 566.36. AMD imatchula yake ndi chaka, mwezi ndi nambala, kotero 24.12.1 ndi woyamba wa December 2024, ndipo mumaiwerenga bwino mu pulogalamu ya Adrenalin. Lembani nambalayi penapake musanasinthe kanthu.

Windows Update

Ubwino wake ndi woti simugwira ntchito. Mukangoika Windows mwatsopano n'kulumikiza intaneti, pakapita mphindi zochepa sikirini imaphethira, dalaivala walowa. Ndi wosainidwa, wadutsa mayeso a Microsoft otchedwa WHQL, ndipo kwa munthu amene amangoonera mavidiyo ndi kusewera magemu akale ndi wokwanira. Pa NVIDIA, ngakhale NVIDIA Control Panel imadzibwerera yokha kudzera mu Microsoft Store.

Kuipa kwake koyamba n'kodziwika: dalaivala wake amakhala wotsalira, kawirikawiri ndi miyezi. Gemu yotuluka kumene ikhoza kukana kutseguka n'kukuuzani nambala imene ikufuna. Kuipa kwachiwiri ndiko kopweteka. Windows imatha kuchotsa dalaivala amene mwaika nokha n'kubwezerapo wake, ngakhale ali wakale, chifukwa posankha imayang'ananso mmene dalaivala akufananira ndi Hardware Ids za khadi lanu, osati kutsopano kokha. Dalaivala amene kampani yomanga inapereka ku Microsoft, wolembedwa SUBSYS yeniyeni ya khadi lanu, amaoneka woyenerera kuposa wa aliyense. Okhala ndi Radeon amaziona msanga: Adrenalin imakana kutseguka, n'kunena kuti pulogalamuyo sikugwirizana ndi dalaivala amene alipo. Pulogalamu yatsala yatsopano, dalaivala wapansi pake wasinthidwa usiku.

Kuletsa kwake kuli panjira zitatu zosalingana mphamvu. Pa Windows Pro, tsegulani gpedit.msc, mutsate Computer Configuration, Administrative Templates, Windows Components, Windows Update, mupeze lamulo lotchedwa Do not include drivers with Windows Updates n'kuliyatsa. Limagwira, koma limatseka madalaivala onse, a Wi-Fi ndi a mawu omwe, ndiye amenewo muziwatenga nokha. Pa Windows Home mulibe gpedit. Chofanana nacho ndi kuika DWORD yotchedwa ExcludeWUDriversInQualityUpdate, ya nambala 1, mu Registry (kaundula wa makonzedwe a Windows) pa HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\WindowsUpdate. Njira yofewa ndi kusaka Change device installation settings n'kusankha No, koma imeneyi siidalirika nthawi zonse. Ndipo ngati Windows yasintha kale, musathamangire kuchotsa zonse: Roll Back Driver mu Device Manager imakubwezerani dalaivala wanu uja, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Kampani yomanga kompyuta

Apa pali magulu awiri amene anthu amawasakaniza. Makampani akuluakulu monga Dell, HP ndi Lenovo kawirikawiri amapanga motherboard (bolodi lalikulu lolumikizapo zida zonse) yawoyawo, nthawi zina ndi PSU (kabokosi kopereka magetsi) ndi khadi lomwe. Pawebusaiti yawo mumalemba nambala ya kompyuta yanu, imene kwa Dell imatchedwa Service Tag ndipo ili ndi zilembo 7, n'kupeza zonse za makina amenewo. Ali ndi mapulogalamu awo: SupportAssist, HP Support Assistant, Lenovo Vantage, MyASUS ndi Armoury Crate, MSI Center. Gulu linalo ndi la olumikiza zida za pamsika, monga iBUYPOWER, CyberPowerPC ndi NZXT. Kwa awa, motherboard ndi ya ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, khadi n'chimodzimodzi. Tsegulani msinfo32, muwerenge BaseBoard Manufacturer ndi BaseBoard Product, mupite kwa mwini motherboard. Dalaivala wapadera wa khadi la zithunzi kulibe kumeneko.

Dalaivala wa zithunzi wa gulu loyambalo ndi wa NVIDIA kapena AMD yemweyo, kungoti kampani inamuyesa pa makina ake n'kumuika papaketi yake. Phindu lake ndi limenelo, kuti anayesedwa. Koma amatsalira kwambiri, ndipo kompyuta ikasiya kugulitsidwa, tsamba lake limayamba kuzizira pamene wopanga GPU akutulutsabe atsopano mwezi ndi mwezi. Kwa wosewera magemu atsopano, pa khadi la patebulo, palibe chimene mumapindula pomudikira.

Malo amene kampani yomanga imapambana ndi awa. Makompyuta ena ang'onoang'ono ndi aja okhala ndi sikirini pamodzi amakhala ndi GPU ya laputopu mkati. Device Manager imalemba Laptop GPU pa dzina la NVIDIA, kapena chilembo M kumapeto kwa dzina la Radeon. Pamenepo kuyendetsa magetsi ndi kutentha kumadalira zimene kampani inakonza, ndiye yambani ndi dalaivala wawo, wa wopanga GPU mumuyese pambuyo. Chimodzimodzi zithunzi za mkati mwa purosesa ya Intel: Intel yomwe imachenjeza kuti dalaivala wake wa onse amafufuta zimene kampani yomanga inasintha. Ndiye pali BIOS ndi firmware ya khadi, zimene sizichokera kwina kulikonse. Ngati SUBSYS yanu ikutha ndi 1028, VBIOS, kutanthauza firmware ya khadi limenelo, ndi ya Dell basi. Kuikamo ya khadi la ASUS chifukwa dzina la GPU ndi limodzi ndi njira yachidule yophera khadi ndi chitsimikizo (waranti) chomwe.

Chinanso, mukadandaula nthawi ya chitsimikizo, othandiza makasitomala amayamba ndi kukuuzani kuti muike dalaivala wa patsamba lawo. Muikeni, muyese. Vuto likapitirira pa dalaivala wawo, mkangano wa "mwaika zolakwika" watha.

Pulogalamu yawo yoika zatsopano musaichotse, ndi yothandiza pa BIOS. Kungoti isamaike zonse yokha. Muziona mndandanda, n'kuchotsa chizindikiro pa mzere wa NVIDIA kapena AMD graphics.

Wopanga GPU

Kwa NVIDIA njira ndi ziwiri. Mutha kupanga dawunilodi fayilo pawebusaiti yawo posankha mtundu wa khadi, kapena kuika NVIDIA App, imene inalowa m'malo mwa GeForce Experience kumapeto kwa 2024 ndipo sifuna akaunti. Posankha pamanja, samalani kuti mzere wolembedwa Notebooks ndi wa malaputopu. Fayilo yapamanja ili ndi ubwino umodzi waukulu: imatsala pa diski yanu. Sungani ya dalaivala amene wakhala akuyenda bwino, ngakhale ndi yolemera mamegabaiti mazana angapo, chifukwa tsiku lobwerera m'mbuyo simudzafuna kuisaka.

Game Ready ndi Studio anthu amazikulitsa. Onse awiri amayendetsa magemu, onse awiri amayendetsa mapulogalamu okonzera mavidiyo. Game Ready amatuluka pafupipafupi, motsatira magemu atsopano. Studio amatuluka patalipatali, atayesedwa kwambiri pa mapulogalamu a ntchito monga Blender ndi DaVinci Resolve. Wosewera gemu tsiku limene yatuluka atenge Game Ready. Amene magemu ake ndi omwewo chaka chonse ndipo safuna kusinthasintha, Studio imamukwanira.

Kwa AMD paketi ndi AMD Software: Adrenalin Edition. Pakhala pali wolembedwa Recommended ndi wina Optional. Woyambayo ndiye wokhazikika, winayo amabwera ndi zokonza za magemu atsopano. Poika mutha kusankha zonse, zochepa, kapena Driver Only, amene alibe pulogalamu ya Adrenalin. Driver Only ndi wabwino poyesa, chifukwa amachotsa zojambulira ndi zoonetsa pamwamba pa gemu, zimene nazo zimayambitsa mavuto. Kapulogalamu kawo ka Auto-Detect kamapeza khadi kokha n'kuikanso madalaivala a chipset ngati purosesa ndi Ryzen. Choikira chikakana ndi Error 182, ndiye kuti chaona khadi la AMD limene paketi imeneyo sililandira. Mwatenga paketi ya mtundu wina. Error 173 ndi yoopsa pang'ono: sichinaone khadi la AMD n'komwe, ndiye kayang'aneni ngati lakhala bwino m'malo mwake.

Makhadi a Intel Arc ndiwo ofunika kwambiri dalaivala watsopano pa onse atatu, chifukwa magemu ambiri anayamba kuyenda bwino ndi madalaivala a pambuyo. Koma Arc imadalira Resizable BAR, njira yolola purosesa kufikira memore yonse ya khadi nthawi imodzi. Ngati yazimitsidwa mu BIOS, gemu imadodoma ngakhale dalaivala akhale wa dzulo. Pulogalamu ya GPU-Z ya TechPowerUp imaonetsa ngati yayaka. Kuti iyake pamafunika Above 4G Decoding yoyatsa ndi CSM yozimitsa, ndipo pa makompyuta ena a makampani akuluakulu mizere imeneyi imaoneka pokhapokha mutaika BIOS yatsopano.

Makhadi akale ali ndi malire. GeForce zambiri za GTX 600 ndi 700, za m'badwo wa Kepler, zinathera pa madalaivala a nthambi ya 470. Za GTX 900 ndi GTX 10 zinathera pa nthambi ya 580 mu 2025, kutsala zokonza zachitetezo zokha. Ku AMD, makhadi a Polaris ndi Vega, monga RX 580, anapatulidwira paketi yawoyawo mu 2023. Choikira cha NVIDIA chikanena kuti sichikupeza khadi logwirizana nacho, pa kompyuta yakale chifukwa chake nthawi zambiri ndi chimenechi. Sakani ndi dzina la khadi lanu, musangotenga wapamwamba patsamba.

Ndipo watsopano sikuti ndiye wabwino nthawi zonse. Kumayambiriro kwa 2025, madalaivala a NVIDIA a mndandanda wa 572, amene anabwera ndi makhadi a RTX 50, anadetsa masikirini a anthu ambiri, moti ena okhala ndi RTX 30 ndi 40 anabwerera ku 566.36 wa December 2024. Okhala ndi RTX 50 analibe kobwerera, chifukwa 566.36 sadziwa makhadi awo. Choncho ngati zonse zikuyenda, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, muwerenge chikalata chotuluka ndi dalaivalayo, makamaka gawo la mavuto amene sanakonzedwe. Gemu yanu ikakhala pamenepo, khalani pomwe muli.

Mapulogalamu aja olonjeza kukonza madalaivala onse ndi batani limodzi sitiwawerengera n'komwe pa mpikisanowu. Simudziwa kumene atenga mafayilo, amakonda kusintha zimene sizinawonongeke, ndipo khadi la zithunzi lili ndi gwero laulere lodziwika. NVCleanstall ndi yosiyana: imatenga dalaivala wa NVIDIA yemweyo n'kukulolani kusiya zigawo zimene simufuna. Ndi ya odziwa chimene akuchotsa. Mukasiya HD Audio, mawu a pa HDMI atha.

Zikavuta: kubwerera, kuika moyera, kapena DDU

Choyamba, dinani Restart, osati Shut down. Windows ikakhala ndi Fast Startup, Shut down imasunga mbali ya dongosolo ndi madalaivala ake pa diski n'kuwadzutsa mmene analili, vuto lomwe. Sikirini ikada kapena kuuma kompyuta ili moyo, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Mumva kulira pang'ono, dalaivala wa zithunzi adzutsidwanso.

Roll Back Driver ndi ya vuto limene layamba mutangosintha dalaivala. Imatenga mphindi imodzi, siiwononga zimene munakonza. Batani lake likakhala lotuwa, ndiye kuti Windows ilibe wakale wosunga. Apa ndi pamene fayilo munasunga ija imagwira ntchito.

Kuika moyera kwa choikira chomwecho ndi sitepe yachiwiri. Pa NVIDIA sankhani Custom n'kuika chizindikiro pa Perform a clean installation. Imabwezera zonse za mu Control Panel mmene zinalili poyamba. Pa AMD ndi Factory Reset, koma dziwani kuti mukaigwiritsa ntchito, Roll Back sidzapezanso dalaivala wakale. AMD ilinso ndi AMD Cleanup Utility, imene imadzilowetsa yokha mu Safe Mode (Windows yoyaka ndi zofunika zochepa zokha), n'kuchotsa za zithunzi ndi mawu a khadi osakhudza chipset.

DDU, dzina lake lonse Display Driver Uninstaller, ya Wagnardsoft, ndiyo imasesa kwambiri: mafayilo, zotsalira mu Registry ndi makope amene Windows inasunga. Ena amaigwiritsa ntchito pa dalaivala aliyense watsopano, zomwe ife timaona kuti n'kudzivutitsa. Malo ake ndi atatu: mukamachoka ku NVIDIA kupita ku AMD kapena kubwerera, choikira chikamalephera mobwerezabwereza, ndiponso pamene madalaivala a magwero awiri asakanikirana. Pa kompyuta yogula yomanga kale chachitatuchi ndicho chofala.

Kachitidwe kake kali ndi misampha, ndiye tsatirani dongosolo. Pangani dawunilodi dalaivala watsopano ndi DDU musanayambe. Onani ngati diski ili ndi loko wa BitLocker kapena Device encryption, chifukwa makompyuta ambiri atsopano amabwera nayo yoyaka. Kiyi yake ya manambala 48 imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo ikhoza kufunidwa polowa mu Safe Mode. Dziwaninso pasiwedi ya akaunti, osati PIN yokha. Kenako zulani waya wa intaneti n'kuzimitsa Wi-Fi. Apa ndi pomwe ambiri amagwera: mukasiya intaneti, Windows imathamangira kuika dalaivala wake kompyuta ikangoyaka, inu musanatsegule fayilo yanu, ndipo mwabwerera pa chisakanizo chomwe chija. Gwirani Shift podina Restart, musankhe Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako 4. Mu DDU sankhani GPU ndi kampani yoyenera, mudine Clean and restart. Ngati mukusintha khadi lenilenilo, sankhani Clean and shutdown. Kompyuta ikayaka, ikani dalaivala, dinani Restart, ndipo pomaliza bwezerani intaneti.

Mukatha pali tinthu titatu timene timaoneka ngati vuto pamene si vuto. Monita ya 144 Hz imabwerera pa 60 Hz. Ikonzeni pa Settings, System, Display, Advanced display. Mawu amasamukira ku monita, abwezereni ku masipika. Ndipo magemu amadodoma kapena kuchedwa kutseguka ulendo woyamba, chifukwa akumanganso ma shader, timapulogalamu tojambulira zithunzi, amene anafufutika. Perekani mphindi zingapo musanaweruze dalaivala.

Sikirini ikada kotheratu moti simungafike pa Windows, zimitsani ndi batani la magetsi pamene chizindikiro cha Windows chikuzungulira, kawiri kapena katatu motsatizana, ndipo tsamba la Recovery lituluka lokha. Ngati purosesa ili ndi zithunzi zake, kusamutsira waya wa monita ku motherboard kumathandizanso. Mapurosesa a Intel otha ndi F, monga Core i5-12400F, alibe zimenezi.

Kuikanso Windows yonse chifukwa cha dalaivala wa zithunzi ndi kwa kumapeto kwenikweni. Ngati DDU ndi madalaivala awiri osiyana manambala, wina wakale wina watsopano, alephera mofanana, Windows yatsopano nayo kawirikawiri ilephera, chifukwa vuto silili pa mafayilo.

Zimene zimanamizira dalaivala

Uthenga woti dalaivala anasiya kuyankha kenako wadzuka, umene mu Event Viewer, mmene Windows imalemba zochitika, ndi nambala 4101, kapena sikirini ya buluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, umatchula fayilo: nvlddmkm.sys kwa NVIDIA, amdkmdag.sys kwa AMD. Anthu akaona dzinalo amati wolakwa wapezeka. Chimene chachitika n'choti GPU inakhala masekondi 2 osayankha, Windows n'kuidzutsanso. Fayiloyo ndi imene inali pantchito nthawi imeneyo; chimene chinaimitsa GPU chikhoza kukhala dalaivala, magetsi, kutentha, RAM kapena khadi lodwala. Malangizo okweza TdrDelay mu Registry amangotalikitsa nthawi yodikira, sachiza kanthu. Code 43 mu Device Manager nayo ili chimodzimodzi: ikachoka ndi DDU anali dalaivala, ikabwerera pa dalaivala aliyense yang'anani khadi.

Pa kompyuta yongofika kumene, yambani kumbuyo kwa bokosi. Waya wa monita ulowe pa mabowo a khadi, aja ali m'munsi mopingasa, osati pa HDMI ya motherboard ili pamwamba pafupi ndi ma USB. Mukalowetsa pamwamba, chithunzi chimabwera koma gemu imayenda pa zithunzi za purosesa, kapena sichibwera n'komwe. Makampani ena amatseka mabowo a motherboard ndi tizivindikiro pa chifukwa chomwechi.

Kenako m'kati, mutazula magetsi kukhoma. Werengani kaye malamulo a chitsimikizo pa nkhani yotsegula bokosi. Ena amatumiza kompyuta ili ndi thovu lotchinjiriza m'kati, lofunika kuchotsa musanayatse. Khadi lolemera limasuntha paulendo: masulani sikuluwu, dinani kachogwirira kumapeto kwa malo a PCIe, litulutseni, mulibwezere mpaka kachogwirirako kalire. Mu GPU-Z, mzere wa Bus Interface umaonetsa mmene khadi lalumikizikira. Likakhala phee limatsika dala kuti lisunge magetsi, ndiye dinani kachizindikiro ka funso pambali pake kuti liyambe ntchito musanawerenge. Khadi la x16 likamaonetsa x4 kapena x1 lili pantchito, silinakhale bwino. Koma RTX 4060 ndi RX 7600 ndi za x8 chibadwire, musadabwe nazo.

Magetsi: malo a PCIe amapereka mawati 75, pulagi ya mapini 6 imaonjezera 75, ya mapini 8 imaonjezera 150, ndipo ya mapini 16, yotchedwa 12VHPWR kapena 12V-2x6, imafika 600. Pulagi ya mapini 8 kawirikawiri ndi zidutswa ziwiri, 6 ndi 2, ndipo kakang'onoko kamatsalira kunja mosavuta. Ya mapini 16 ilowe yonse popanda kampata, waya wake usapindidwe pafupi ndi pulagi. Yolowa theka imatentha mpaka kusungunuka. Kompyuta ikamazima yonse pakati pa gemu, popanda uthenga, n'kungosiya Kernel-Power 41 mu Event Viewer, kayikirani PSU kapena kutentha. Izi zimachitika kwambiri kwa amene aika khadi lalikulu pa kompyuta imene PSU yake inayezedwera khadi laling'ono.

Pali mayeso awiri osavuta olekanitsa khadi ndi dalaivala. Loyamba: lowani mu BIOS muyang'ane sikirini. Kumeneko dalaivala wa Windows sanayambe ntchito, ndiye mizere, timadontho kapena mitundu yachilendo ikaoneka, ndi khadi, waya kapena monita. Sinthani waya, muyese bowo lina, muyese pa TV. Lachiwiri: chepetsani liwiro la khadi. Pa NVIDIA Control Panel, pansi pa Help, pali Debug Mode, imene imabwezera khadi pa liwiro loyambirira la NVIDIA. Pa khadi lililonse mutha kutsitsa core clock ndi 100 MHz kapena power limit kufika 80% ndi MSI Afterburner. Kugwa kukasiya, khadi kapena magetsi ake sakupirira liwiro limene anagulitsira, ndipo imeneyo ndi nkhani ya chitsimikizo.

RAM musaiiwale. Omanga ambiri amayatsa XMP kapena EXPO kuti RAM ithamange pa liwiro lolembedwa pakatoni, ndipo ikakhala yosakhazikika, cholakwika chimatulukira pa dalaivala wa zithunzi chifukwa ndiye amadutsitsa zinthu zambiri m'menemo. Zimitsani XMP mu BIOS, musewere masiku awiri. Kugwa kukatha, ikani BIOS yatsopano ya kwa mwini motherboard, muyatsenso XMP muone. Zikabwerera, tsitsani liwiro la RAM sitepe imodzi kapena muyese ndi MemTest86 usiku wonse.

Popita kukadandaula, tengani nambala ya kompyuta, manambala a madalaivala amene mwayesa kuphatikizapo wa patsamba lawo, chithunzi cha Code 43 kapena cha 4101, ndi chithunzi cha pafoni cha mizere ija ikuoneka mu BIOS. Pa kompyuta yogula yomanga kale, chitsimikizo cha khadi kawirikawiri chimadzera kwa amene anamanga kompyutayo, osati kwa amene dzina lake lili pa fani ya khadi, ndiye yambirani kumeneko, ndipo musamasule choziziritsira cha khadi musanamve yankho lawo.